Bondo lotupa si la mphini kapena mapiritsi a pa okala

Ana anga ndi adzukulu anga, ndakhala chete nthawi yaitali ndikuona mmene mukuseweretsera maondo anu, koma lero ndilankhulepo. Munthu bondo lamuwawa miyezi itatu, iye n'kumangotuma mwana ku okala kukagula Brufen kapena Indocid, kumeza m'mimba muli pululu, kenaka n'kusenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 ngati kuti zonse zili bwino. Mapiritsi amenewa amangogonetsa ululu, ndipo akamamwedwa tsiku ndi tsiku amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa ife okalamba ndi kwa odwala BP kapena shuga. Ngakhale Panado amene mumamuyesa wofatsayo ali ndi malire ake, pakuti munthu wamkulu akapitirira mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku amavulaza chiwindi.

Chimene chimandiwawa koposa ndi nkhani ya mphini. Bondo likatupa, likamatentha mukalikhudza, mwini wake thupi latentha ndipo akulephera kuponda pansi, ena mumathamangira kukamutemera ndi lumo, ati waponda mankhwala. Bondo lotere likhoza kukhala ndi mafinya m'kati, ndipo tizilombo timadya chichereŵechereŵe m'masiku owerengeka, munthu n'kulumala moyo wake wonse. Lumo limangotsegulira khomo tizilombo tina. Ameneyo ndi wopita naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kutada.

Chimodzimodzi amene wagwa kapena wavulala ku mpira n'kumva kuti thwa m'bondo, amene bondo likumukanika kuwongola kapena likungomugwetsa, amene latupa pang'onopang'ono uku akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku (chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa, ambiri simudziwa), ndiponso mwana amene wayamba kutsimphina, musamuuze kuti akukula. M'zipatala za m'maboma muli akadaulo a mafupa, ndipo zikawakulira amatumiza ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.

Anzanga a nyamakazi ya ukalamba, nanunso musangogona pa mphasa tsiku lonse, chifukwa ntchafu zikafooka bondo limasenza katundu lokha. Yendani pang'onopang'ono pamalo osalala, chepetsani thupi ngati lakula, ndipo funsani a mafizo akuphunzitseni kulimbitsa ntchafu. Ndodo musachite nayo manyazi, koma muziigwira ndi dzanja la mbali imene sikupweteka, osati mmene ndimakuonerani pa msewu.