Chenjezo kwa eni makompuresa: khetsani madzi m'mathanki mwanu

Anyamata inu a m'magalaja a ku Biwi, akalipentala a ku Mchesi, ndi nonse amene mwaika kompuresa, makina opanikiza mpweya aja, kuseri kwa nyumba ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25, tatcherani khutu. Ndakhala ndikulankhula nanu mmodzimmodzi mpaka kukhosi kwauma, ndiye lero ndalemba kuti aliyense adziwerengere yekha.

Sabata yatha ndinapita kwa mphwanga amene amapenta magalimoto pakhomo pake. Ndinamupeza akulalatira wogulitsa penti pafoni, akuti anamugulitsa yachinyengo, poti boneti yonse inali itatuluka timatuza. Ine ndinangoti, "Mwanawe, tazimitsa makinawa, uphwetse mpweya." Nditagwada kuti nditsegule kampopi ka pansi pa thanki ndinapeza kataumiratu, mpaka tinachita kukapotokola ndi pulayala. Zimene zinatuluka mmenemo si madzi ayi, koma msuzi wofiira wa dzimbiri. Chaka ndi theka makina akugwira ntchito, mwini wake osadziwa n'komwe kuti pansipo pali kampopi. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ana ake amasewera pafupi ndi thanki yomweyo.

Madziwo palibe amawathira. Mpweya umene tikupumawu uli ndi chinyezi. Kompuresa ikaupanikiza umatentha, ndipo ukamazizira m'thanki ndi m'mapaipi chinyezicho chimasanduka madzi, monga chimachitira thukuta chivundikiro cha poto. Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye amachuluka zedi, koma ngakhale m'chilimwe amakhalamo ndithu.

Penti yoonongeka mungaibwereze. Mfuti yokhomera misomali kapena yomasulira mawilo ikachita dzimbiri mkati, mulira ndalama koma mugula ina. Chimene chikundisowetsa tulo ine ndi thanki. Dzimbiri limadya chitsulo kuyambira mkati, pansi pomwe madzi agona, kunjaku penti ili phuliphuli ngati yatsopano. Geji yoyeza mphamvu ya mpweya ikamaloza pa 8 bar, ndiye kuti kamalo kalikonse ka thanki kakang'ono ngati chikhadabo kakukankhidwa ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 8. Tawerengani zikhadabo zimenezo pa thanki yonse. Chitsulo chikapyapyala sichipempha chilolezo, chimang'ambika kamodzi n'kamodzi, ndipo zidutswa zake sizisankha kuti uyu ndi mmisiri, uyu ndi mwana wongodutsa.

Nanga inu amene thanki ikayamba kutulutsa mpweya pa kabowo mumathamanga nayo kwa owotcherera, mukuganiza chiyani? Kabowo kamodzi kakuuzani kuti pansi ponsepo patha. Kuikapo chigamba n'kubisa matenda. Thanki yotero yafa, ichotseni. Enanso ndawaona atamanga valavu yotetezera ndi waya, ati ikuchita phokoso. Abale, valavu imeneyo ndi imene imatulutsa mpweya ukapyola muyezo. Mukuimangiranji?

Ntchito yokhetsa madziyi siitenga ngakhale mphindi ziwiri. Mukaweruka madzulo zimitsani makina, chepetsani mpweya kuti utsale pang'ono, tsegulani kampopi pang'onopang'ono nkhope ili kutali, mpaka madzi atasiya kutuluka. Tsiku lililonse, osati mukakumbuka. Madziwo amakhala osakanikirana ndi oyilo, choncho alandireni m'chitini, musawatayire m'ngalande kapena m'dimba.

Za mapaipi nazo pali uphulaphula wambiri. Ambiri mumamangirira kabotolo kosefa madzi pakamwa penipeni pa kompuresa, pomwe mpweya ukadali wotentha. Pamenepo chinyezi chimangodutsa ngati nthunzi, n'kukasanduka madzi kutsogolo, mu hozi, kenako pa galimoto ya kasitomala. Kaikeni patali, mpweya utayenda mamita angapo m'paipi yachitsulo n'kuzizira. Paipi ya pakhoma ikhale yotsetsereka pang'ono kuti madzi azitsikira kumapeto, ndipo kumeneko muikeko kampopi kena. Nthambi yopita ku chida muitenge pamwamba pa paipi, osati pansi pomwe madzi amayenda. Opopera penti onjezani kasefa kakang'ono pa mfuti pomwepo, ndipo ngati mumagwiritsa ntchito timikanda ta silica gel ta buluu, tikasanduka pinki dziwani kuti takhuta madzi, tiumitseni kapena tisintheni.

Ndipo chonde, mapaipi a PVC a madzi aja musaikemo mpweya ngakhale ali otchipa. Akaphulika amaswekasweka ngati galasi, tizidutswa n'kuuluka molunjika m'maso.

Inu mabwana amene muli ndi anyamata ophunzira ntchito, udindowu ndi wanu. Mwana wa eni anabwera kudzaphunzira luso, ndipo adzachita zimene akuona inu mukuchita. Mphwanga uja thanki yake tinaichotsa tsiku lomwelo. Titaigogoda pansi pake ndi sipanala inkalira ngati chitini chakale, ndipo panopa akubwereka kompuresa ya mnzake mpaka atapeza ina.