Kompyuta itasokoneza go: Korea, China ndi Japan sanailandire mofanana

Masewerawa ku Japan amati igo, ku Korea baduk, ku China weiqi. Anthu awiri amasinthana kuika timiyala takuda ndi toyera pa bolodi la mizere 19 uku ndi uku, aliyense kufuna kuzinga malo aakulu. Monga pa bawo, pali njira zoyambira zimene mwana amaloweza asanamvetse n'komwe chifukwa chake. Za m'ngodya amazitcha joseki.

Kale mphunzitsi ankakukalipira ukathamangira kulowa m'ngodya ya mnzako pa malo otchedwa 3-3 (pokumana mizere yachitatu kuchokera m'mbali ziwiri za ngodyayo) masewero atangoyamba. Ankati iwe ukutola kangodya, mnzakoyo akumanga khoma loyang'ana bolodi lonse. Kenako kunabwera AlphaGo, pulogalamu ya kompyuta yosewera go. Inagonjetsa katswiri wa ku Korea Lee Sedol 4-1 ku Seoul mu Malichi 2016, n'kudzamaliza katswiri wa ku China Ke Jie 3-0 ku Wuzhen mu Meyi 2017, ndipo pa 3-3 paja inkalowapo msanga, mopanda manyazi. Lero akatswiri onse amatero. Taisha, joseki yovuta imene anthu ankatopa nayo poloweza, sionekanso kawirikawiri.

Achinyamata a ku Korea anangomeza osatafuna. Shin Jin-seo anachita kupatsidwa dzina loti "Shintelligence" chifukwa timiyala take timagwera pomwe kompyuta ikanaika, ndipo zikho wakolola zambiri. Lee Sedol yekha anapuma mu 2019, ati tsopano kuli chinthu chimene munthu sangachigonjetse. China inachita mwadongosolo: timu ya dziko imakonzekera ndi pulogalamu ya kampani ya Tencent yotchedwa Fine Art.

Ine mtima wanga uli ku Japan, ngakhale ndi amene anatsalira. Kumeneko masewero amodzi a fainolo ya mpikisano waukulu wa Kisei kapena wa Meijin amatengabe masiku awiri, ndipo kamwala koikidwa mosakongola amakaona ngati kusaleredwa bwino. Kutsalirako sikunayambe ndi kompyuta ayi. Kuyambira 2005 panalibe woimira Japan amene anatenga chikho chachikulu cha dziko lonse, mpaka Ichiriki Ryo, wam'badwo wophunzira ndi makinawa, atapambana Ing Cup mu 2024.

Chondiseketsa n'chakuti makina omwewo anawabwezera Ajapani chuma chawo. Honinbo Shusaku, katswiri wa m'zaka za m'ma 1800, ankakonda kuyankha m'ngodya poika kamwala chopingasa pafupi ndi kanzake, kaikidwe kotchedwa kosumi. Akatswiri a pambuyo pake ankati n'kozengereza, kachikale. Kompyuta itawerengera inapeza kuti mkuluyo sankalakwa, ndipo anyamata a ku Seoul ndi ku Beijing ayambiranso kuika kamwala motero.