Viza ya masiku awiri koma chintchito chake eee

Abale ine zandikwana. Ndikupita ku msonkhano wa kuntchito ku Toronto, ndege yake yodzera ku London, ndiye ndinati poti achemwali anga amakhala konko ndipo tatha zaka 7 tisanaonane, nditsike ndigoneko masiku awiri basi kenako ndipitirire.

Masiku awiri amenewo akufuna viza ya ku UK ya alendo yathunthu ya miyezi 6 ija, chifukwa ya transiti imathera pa maola 48 komanso siyochezera abale. Fomu ya pa intaneti mafunso ake osatha, mayina a makolo, masiku awo obadwa, mayiko onse amene ndinapitako pa zaka 10 zapitazi, netiweki ikangodula bando ikupita ndithu. Kenako sitetimenti ya ku banki, kalata ya abwana, kalata ya achemwali, adilesi yawo, zonsezo kukasikanitsa m'tauni.

Chondiwawa kwambiri nchoti zidindo za zala kuno ku Blantyre sajambula, ukwere basi mbandakucha kudutsa pa Zalewa mpaka ku Lilongwe, maola anayi kapena asanu, kukangoika zala pa kamakina mphindi zochepa nkubwerera. Malipiro ake ndi a ndalama zakunja pomwe foreksi tonse tikuidziwa mmene ikuvutira, ndipo akakukana ndalamayo siibwera.

Ku Joni timangokwera pa Chileka ndi pasipoti yokha nkukhala masiku 30. Panopa pasipoti yanga ili kwa eni akewo sabata yachitatu, achemwali akuimba daily kufunsa ngati akonze chipinda.