Denga la tchalitchi cha Florence si kope la Pantheon

Nkhani ina yalembedwa bwino, koma pafunika kukonza pamene yanena kuti Brunelleschi, mmisiri amene anamanga denga la tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Florence ku Italy, anangotengera denga lobulungira la Pantheon, kachisi wakale wa ku Rome. La Pantheon ndi la konkire, pomwe la tchalitchicho, chotchedwa Santa Maria del Fiore, lomangidwa kuyambira 1420 mpaka 1436, kwakukulu ndi la njerwa, lili ndi mbali 8, ndipo ndi losongoka. Maonekedwe amenewo anagwirizana kale mu 1367, Brunelleschi asanabadwe.

Luso lake linali pa kamangidwe. Mkati mwa dengalo n'motambalala pafupifupi mamita 45, ndiye kuimika matabwa ochirikiza njerwa mpaka laimu agwire kukanadya nkhalango. Iye anamanga madenga awiri, lamkati lochindikala, lakunja lopyapyala, pakati n'kusiya mpata wa masitepe. Poyala njerwa, pakapita njerwa zingapo zogona ankaimika ina choimirira, mizere yake n'kumakwera mopendekeka ngati minga ya nsomba. Zoimirirazo zinkakola zogonazo kuti zisatsetserekere mkati zisanaume. Denga lotere limakankhira makoma kunja, choncho analimanga m'chiuno ndi malamba a miyala yolumikizidwa ndi chitsulo, komanso lamba mmodzi wa mitengo. Ming'alu ilipobe, akatswiri amaiyeza mpaka lero.

Wofuna kuona mfundo zenizeni za kamangidwe ka Aroma pa ntchito ya Brunelleschi ayang'ane khonde la Ospedale degli Innocenti, nyumba yosungira ana osiyidwa ku Florence komweko, lomwe anayamba mu 1419. Kutalika kwa mzati n'kofanana ndi mtunda wofika pa mzati wina, ndiponso ndi kukula kwa khonde kulowa mkati.