Shoko yakumbuyo pa felemu ya aluminiyamu? Ine ndikuti ayi

Abale okonda njinga, pali ena amene akagula mountain bike ya kaunjika ya felemu ya aluminiyamu amathamangira kukaiikitsa shoko kumbuyo, kaya yomanga ndi mabauti kaya yochita kuwotcherera. Maganizo anga ndi akuti musatero. Ndikudziwa kuti msana umapweteka pa mabampu a misewu yathu yafumbi, koma njira yake si imeneyo.

Felemu imene inabwera yopanda shoko kumbuyo anaipanga kuti mapaipi ake akumbuyo asamasunthe. Yobwera ndi shoko kuchokera kufakitale ndi nkhani ina. Ili ndi malo opindikira okhala ndi ma bearing, pomangira shoko ndi pokhuthala, ndipo kutalika kwa shokoyo, kaya 165 mm kaya 190 mm, anakuwerengera felemu yomweyo basi. Inu mukaphatikapo yanu, mphamvu yonse ya bampu imakathera pamalo amene sanakonzedwe kuti ailandire. Kumbuyo kukakwera, njinga imasinthanso makhotedwe, tcheni ndi mabuleki n'kuyamba kuvuta.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi aluminiyamu mwiniwakeyo. Chitsulo chimapirira. Chikamapindika pang'onopang'ono osapyola malire ake, chimatha zaka osatopa, ndipo chikafika potha nthawi zambiri chimayamba chapindika kaye, mwini wake n'kuona. Aluminiyamu amasunga kugwedezeka kulikonse ngati ngongole, tsiku lina mng'alu n'kutulukira pafupi ndi powotcherera. Mapaipi a mafelemu opepukawa pakati pake ndi opyapyala, mwina milimita imodzi yokha. Mukawafinya ndi chomangira cha mabauti amabonyoka, ndipo pobonyokapo ndi pamene mng'alu umayambira. Kuboola ndiye n'kuwonjezera vuto.

Nanga kuwotcherera? Mafelemu ambiri ndi a aluminiyamu wa mtundu wa 6061 kapena 7005, nthawi zina amalemba pa paipi pomwepo. Ya 6061 akatha kuiwotcherera kufakitale amailowetsa yonse mu uvuni kuti ilimbenso, n'chifukwa chake mumaona atalemba T6. Mukaiwotchereranso, malo ozungulira pamenepo amafewa, ndipo uvuni woterowo simuupeza pa msika. Ya 7005 imabwererako mphamvu payokha pakapita nthawi, komabe imafuna makina apadera owotcherera otchedwa TIG ndi mpweya wa argon. Amisiri athu a m'mbali mwa msewu sindikuwanyoza ayi. Pa felemu yachitsulo ya kabaza kapena ya Buffalo amagwira ntchito yooneka, kungoti makina awo ndi owotcherera chitsulo.

Amene mukufuna kukhala mofewa, ikani sipuling'i pa paipi ya chishalo. Alipo mapaipi obwera ndi sipuling'i kapena labala mkati, monga SR Suntour NCX, imene imatsika mpaka 50 mm, kapena Thudbuster ya Cane Creek. Felemu simuikhudza n'komwe. Chofunika ndi saizi: zodziwika ndi 27.2, 30.9 ndi 31.6 mm, ndipo nambala yake imakhala itadindidwa pa paipi yakaleyo. Musakakamize yaikulu ndi nyundo, musakwanitsenso yaing'ono ndi tizidutswa ta chitini, gulani shim yaitali yoyenera, kampaipi kovekera paipi yaing'onoyo kuti ikwane bwino mu felemu. Paipiyo ilowe kupyola mzere wosonyeza malire, chifukwa ikangogwira pamwamba pokha imang'amba felemu pakamwa pake. Pakaniko girisi pang'ono kuti isadzakanirire. Kwa aafupi msinkhu, yezani kaye: zoterezi zimadya malo pakati pa felemu ndi chishalo, ndiye chishalo sichitsika kwambiri.

Ndipo musanawononge ndalama, yambani ndi matayala. Ambiri timapopa mpaka tayala kuuma gwa, kenako n'kumadandaula msana. Ikani tayala lalikuluko limene felemu ikulola, muchepetseko mpweya koma osatsika pa nambala ya mpweya wochepetsetsa yolembedwa m'mbali mwake, mukayese pa msewu womwe uja.