Akuti "kusintha pang'ono", koma dambo likutha

Dzulo usiku ndinawerenga chidziwitso chimene chandikwiyitsa mpaka m'mawa uno. Kampani ina ya maboti ili ndi doko m'dambo la m'mphepete mwa nyanja yamchere, dambo limene lamulo limati ndi lotetezedwa, ndipo ikupempha chilolezo choti "isinthe pang'ono" dokolo. Nditatsegula mapulani ake ndinapeza kuti kusintha pang'onoko ndi kutalikitsa mlatho wamatabwa wopita kumadzi, kuwonjezera malo oyandama omangirirapo maboti, kukhoma mizati ina m'matope, kuika pampu ya mafuta, ndiponso kukumba khwawa kuti maboti akuluakulu azifika ngakhale madzi ataphwa. Zonsezi azivundikira ndi mawu amodzi ofatsa akuti kusintha, ngati kuti akungochotsa thabwa lowola n'kuikapo lina.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti madambo otetezedwa akutha ndi mawu amenewa. Palibe kampani imene ingalembe kalata yonena kuti ikufuna kuwononga dambo lonse, chifukwa ikudziwa kuti ikanidwa tsiku lomwelo. Imapempha doko laling'ono, n'kupatsidwa. Pakapita zaka zingapo imabweranso n'kunena kuti makasitomala achuluka, choncho mlathowo utalikeko. Kenaka imati maboti amasiku ano ndi aakulu, khwawa likumbidweko. Pempho lililonse, likaonedwa palokha, limaoneka laling'ono ndithu, ndipo opereka zilolezo amaliyeza palokha, n'kulivomera palokha. Amene amawerengera zonse pamodzi, kuyambira mzati woyamba mpaka wa lero, ndani? Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Aliyense amene anaimapo pa mlatho wa doko madzi ataphwa n'kuyang'ana pansi akudziwa zimene ndikunena. M'mbali monse udzu wa m'dambo umakhala wothithikana, wobiriwira, koma pansi pa matabwawo umakhala wapatalipatali ndi wonyozoloka, ndipo pena pamangokhala matope okhaokha, chifukwa dzuwa silifikapo. Udzu umenewu, umene akatswiri amautcha Spartina, ndiwo umagwira matope ndi mizu yake. Ukafa, matope amayamba kukokoloka. Mapesi ouma amene madzi amabwera nawo amakodwa pa mizati n'kuunjikana, n'kupha udzu wina umene wakwiririka. Malo oyandama aja, ngati madzi ndi osaya, amakhala pansi pa matope madzi akaphwa n'kuphwanya tizamoyo timene tili m'menemo. Boti lililonse lodutsa limautsa mafunde amene amanyenya gombe la khwawa, ndipo utoto umene amapaka kunsi kwa maboti kuti nkhono zisamamatirire nthawi zambiri umakhala ndi kopa amene amasungunukira m'madzi. Pampu ya mafuta sindinenanso, pakuti madontho amene amagwa pothira mafuta onse amathera m'dambo momwemo. Tsono mukatalikitsa mlatho mwatalikitsa mthunzi, mukawonjezera malo omangirira maboti mwawonjezera mafunde, utoto ndi mafuta. Kodi pamenepa pang'ono pali pati?

Dambo limeneli ndi mmene nsomba, nkhanu ndi zamoyo zina zambiri za m'nyanja zimakulira zikadali zazing'ono, ndipo ndi limene limafooketsa mafunde a namondwe asanafike pa nyumba za anthu. Anthu sanayambe kuliteteza chifukwa chosowa chochita. Ku Georgia, m'dziko la America, kampani ya Kerr-McGee inafuna mu 1968 kukumba miyala ya fosifeti, yopangira feteleza, m'madambo a kufupi ndi Savannah. Anthu anakana kwamtuwagalu, akatswiri ngati Eugene Odum wa pa yunivesite ya Georgia anafotokoza phindu la madambowo, ndipo mu 1970 panakhazikitsidwa lamulo la Coastal Marshlands Protection Act, limene phungu Reid Harris analimenyera nkhondo. Lero Georgia ili ndi maekala oposa 350,000 a madambo amchere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madambo otere kugombe lonse la kum'mawa kwa America. Pa 2 February 1971, mayiko anagwirizana za pangano la madambo mumzinda wa Ramsar ku Iran. Malamulo ngati amenewa anabwera kudzatchinga chilombo chachikulu choonekera patali, ndipo pa ntchito imeneyo anathandiza kwambiri. Koma chiswe chimene chimadya nsichi imodziimodzi chimalowa pa khomo ndi chilolezo m'manja, chidindo chili pompo.

Ena anena kuti madoko amabweretsa ntchito ndi alendo, ndipo eni ake ali ndi ufulu wokonza katundu wawo. Ndalama ndi zimene zikuyendetsa zonsezi, aliyense akudziwa, ndipo sindikutsutsa kuti munthu akonze doko lake. Mzati ukawola auchotse aike wina pamalo omwewo. Thabwa likathyoka alisinthe. Kumeneko ndiye kukonza. Koma pamene doko likutenga malo amene dzulo anali udzu, kumeneko ndi kumanga kwatsopano, ndipo kuyenera kutchulidwa ndi dzina lake n'kuyezedwa ndi muyeso umene amayezera munthu wopempha koyamba. Kukhala kale m'dambomo sikuyenera kusanduka chiphaso chomakula mpaka kalekale. Chondidabwitsa n'chakuti chilolezo choyamba chija ndicho chimagwiritsidwa ntchito ngati umboni: amati malowa ndi owonongeka kale, choncho kuwonjezera sikupweteka kanthu. Anawononga ndani? Munthu yemweyo amene wabwera kudzapempha zina!

Ndikubwerezanso, chifukwa zikuoneka kuti sizikumveka. Dambo lotetezedwa limene chaka chilichonse likudulidwako kachigawo movomerezeka ndi dambo limene likutha, kaya mapepala ake ndi olongosoka chotani. Amene amapereka zilolezo akhoza kuloza pa fayilo iliyonse n'kunena moona mtima kuti anatsatira ndondomeko, koma udzu sudziwa ndondomeko, umangodziwa kuti dzuwa lasiya kufika. Ngati lamulo likunena kuti zofuna za anthu onse zikhale patsogolo, pempho lililonse la kusintha lizibwera ndi chithunzi cha malowo mmene analili doko lisanamangidwe, chithunzi cha lero, ndi mndandanda wa zilolezo zonse zimene zinaperekedwa pa khwawa limenelo, za kampaniyo ndi za oyandikana nayo. Pakhalenso malire onenedwa poyera, akuti khwawa ili likafika apa palibenso chowonjezera. Popanda malire amenewo mawu akuti "lotetezedwa" angokhala chokongoletsa chikwangwani cha pa msewu.

Amalonjezanso kuti akawononga pano akadzala udzu kwina. Dambo limene matope ake aunjikana kwa zaka mazanamazana simungalisinthanitse ndi mbande zodzalidwa dzulo, ndipo nkhanu za m'khwawa lino sizikwera galimoto kupita kumalo atsopanowo. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye palinso kalembedwe ka chidziwitso chenichenicho, kamene kanandiwonjezera mkwiyo. Akuti anthu atumize maganizo awo, koma chikalatacho chadzaza manambala ndi zojambula za mainjiniya zimene munthu wamba sangazimasulire, kukula kwa doko lakale kwalembedwa tsamba lina, kukula kwa zowonjezerazo tsamba lina, ndipo palibe pamene aphatikiza ziwirizi kuti woŵerenga aone kuti dokolo likhala lalikulu bwanji likatha. Ndinachita kutenga pepala ndi pensulo n'kumawonkhetsa ndekha pakati pa usiku. Msonkhano womvera maganizo auika mkati mwa sabata, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene msodzi ali pamadzi ndipo wantchito ali kuntchito. Amene adzapezeke m'chipindamo ndi loya wa kampaniyo ndi injiniya amene anajambula mapulaniwo, onse awiri atalipidwa kuti akhalepo.