Browser isamatilande cursor tili mkati motaipa

Ine ndimaona ngati anthu opanga ma browser, mapulogalamu otsegulira intaneti ngati Chrome ndi Firefox, sanagwirepo laputopu ya kaunjika. Akanagwirapo, bwenzi vuto ili litatha kalekale.

Mukatsegula browser pa kompyuta yochedwa, windo imabwera msanga koma pulogalamuyo imakhala isanamalize kudzuka. Inu mwadina kale polemba adiresi, mwayamba kutaipa. Muli pakati, tsamba loyambira lamaliza kutseguka, cursor, kamzere kophethira kosonyeza pomwe zilembo zikugwera kaja, yalumphira m'kabokosi kena. Theka la adiresi lili pamwamba, theka lili m'bokosi losakira, zilembo zina zangosowa. Poti ambirife timataipa maso ali pa kiyibodi, timadzazindikira titamenya kale Enter.

Si ufiti ayi. Masamba a pa intaneti amalembedwa ndi HTML ndi JavaScript. Mu HTML muli kalamulo kotchedwa autofocus, mu JavaScript muli focus(), ndipo ntchito yake ndi kukokera cursor pomwe mwini tsamba akufuna tsambalo likangotseguka. Pa makina a SSD (chosungira mafayilo chachangu kuposa hard disk) ndi RAM (memory yogwirira ntchito) yokwanira, izi zimatha munthu asanaike n'chala pa batani. Koma tapitani ku Chikanda kuno ku Zomba mukaone malaputopu omwe ana a ku Chanco akulembera ma assignment: hard disk yozungulira ija, RAM ya 4GB, intaneti ya hotspot ya pafoni. Pamenepo kukokako kumafika mochedwa, mwini wake atayamba kale ntchito.

Chomwe chimandinyansa kwambiri ndi nkhani ya password. Mwalemba dzina, mwamenya Tab, mukulemba password, tsamba n'kubweza cursor ku bokosi la dzina lija. Chinsinsi chanu chonse pambalambanda, opanda timadontho tobisa tija. Tangoganizani muli mu shopu yosindikizira mtauni muno kapena ku Matawale, kumbuyo kwanu kuli mzere wa anthu odikira kupulinta ma CV, onse maso pa sikirini. Password ikagwera polemba adiresi n'kumenya Enter ndiye yapita ku search engine, yatsalanso mu history ya kompyuta yomwe aliyense amagwira.

Ena amati ingodikirani imalize kaye. Tidziwa bwanji kuti yamaliza, poti windo ikuoneka yokonzeka? Nanga anzathu osaona omwe amagwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu yowawerengera mokweza zomwe zili pa sikirini, opanda mouse? Iwowa cursor ikasuntha yokha ndiye kuti asochera, ayambirenso kufufuza pomwe ali. Lamulo lake likanangokhala limodzi: munthu akangodina batani, tsamba lisasunthenso kanthu. Kapena ngati browser sinakonzeke, isunge zilembozo n'kuziika pomwe munthu anadina.

Pakadali pano ine ndinaika about:blank, tsamba lopanda kanthu, kukhala tsamba loyambira, ndinazimitsanso zija zobwezeretsa ma tab onse adzulo, chifukwa ndi zomwe zimalemetsa podzuka. Cursor ikathawabe, Ctrl+L imaibweza pamwamba mu Chrome, Firefox ndi Edge momwe, Alt+D nayonso imagwira. Amene muli ndi kangachepe gulani SSD, ngakhale ya 128GB, amisiri a makompyuta mtauni muno amaika bwinobwino.